Laputopu yolankhula tinapeza, koma manotsi anabwera ngati chithunzi

Mwana wa achemwali anga anasiya kuona ali Folomu 2, anavutika nayo sekondale mpaka kulemba MSCE pa braille, ndipo chaka chatha dzina lake linatuluka pa koleji ina mu Blantyre momwe muno. Kwawo ndi ku Mulanje nde amakhala ndi ine ku Chitawira. Ntchito yanga ndi yokonza malaputopu ndi mafoni ku Limbe, choncho banja lonse linangoti nkhani ya zipangizo aiona ankolo, inenso ndinavomera ndi mtima wonse poganiza kuti tikapeza laputopu yolimba n'kuikamo pulogalamu yolankhula ija basi mwana aphunzira ngati anzake. Laputopu tinapeza, pulogalamu tinaika. Sabata yachiwiri ya semesita ndinamupeza usiku ali pa tebulo, mahedifoni ali m'khutu, akungodina batani limodzimodzi mobwerezabwereza. Nditamufunsa kuti chavuta n'chani anachotsa hedifoni imodzi n'kunena kuti, "Ankolo, manotsi abwera pa gulupu koma mulibe kanthu." Kuyang'ana pa sikirini ine ndikuona masamba 40 odzaza ndi malemba. Kwa iye munalibedi kanthu.

Pulogalamu yomwe amagwiritsa ntchitoyi imatchedwa screen reader. Ambiri amaganiza kuti imayang'ana pa sikirini ngati diso n'kumawerenga, koma ayi. Iyo imafunsa Windows kuti apa pali chani, Windows n'kuyankha kuti apa pali batani lolembedwa Save, apa mutu wa nkhani, apa ndime ya mawu akutiakuti, ndiye imatenga zomwe yauzidwazo n'kuzitchula. Malemba akakhala otaipidwa kompyuta imadziwa chilembo chilichonse pachokha. Koma munthu akatenga handauti ya pepala n'kuijambula ndi foni, kapena kuichita sikani n'kupanga PDF, kompyuta sipezamo chilembo ngakhale chimodzi, imangopeza timadontho takuda ndi toyera, osasiyana ndi chithunzi cha pa ukwati. Mnzawo wa m'kalasi anachita zimenezi mwa chifundo ndithu, kuti anzake asawononge ndalama pa fotokope, ndipo kalasi yonse inapindula kupatula munthu mmodzi.

Kuti mudziwe ngati fayilo ili bwino simukufunika ukatswiri. Tsegulani PDF yo, yesani kusankha liwu limodzi ndi mausi kapena dinani Ctrl ndi F n'kufufuza liwu lomwe mukuliona pa tsambapo. Likapezeka, wosaona awerenga. Likapanda kupezeka, mwamutumizira pepala lopanda kanthu.

Ma screen reader odziwika kwambiri pa Windows ndi awiri. JAWS ndi yakale, ya kampani ya ku America yotchedwa Freedom Scientific, inayamba pa Windows mu 1995, ndi yabwino koma mtengo wake ndi wa madola ambirimbiri, ndipo ukapanda kulipira imagwira mphindi 40 zokha kenako uzimitse kompyuta n'kuyatsanso. N'chifukwa chake anthu amathamangira ya kuba, ndipo ine pa benchi panga ndalandirapo malaputopu ochuluka omwe JAWS ya kuba inangosiya kulankhula Windows itachita update usiku. Kwa munthu woona zimenezi ndi zokwiyitsa chabe, kwa wosaona laputopu yonse yafa pomwepo. Inayo ndi NVDA, yomwe anaiyamba mu 2006 Michael Curran wa ku Australia ndipo kenako anagwirizana ndi James Teh, onse awiri osaona. Ndi yaulere, yovomerezeka, siidya bandulo yambiri pochita dawunilodi, komanso umatha kuiika pa fulashi n'kumayenda nayo m'thumba, ukafika pa kompyuta ya ku labu kapena ya ku laibulale kungobaya fulashi n'kuiyatsa. Ine wophunzira aliyense ndimamuikira NVDA, sindikayika n'komwe. Windows ilinso ndi yakeyake yotchedwa Narrator, yomwe imayaka ukadina Ctrl, batani la Windows ndi Enter pamodzi, ndipo ndi bwino mwana aziidziwa chifukwa ndi yomwe imamupulumutsa tsiku lomwe inayo yakana.

Chomwe sindinachiganizire bwino poyamba ndi nthawi yophunzirira. Wosaona sagwira mausi, chilichonse ndi kiyibodi, ndiye ayenera kutaipa osayang'ana, zala zikuyambira pa timizere totukuka tomwe tili pa F ndi J, kenako kuloweza mabatani ambirimbiri. Insert ndi muvi wopita pansi, iwerenga tsamba lonse. H pa intaneti, idumphira ku mutu wotsatira. K ipita pa linki, T pa tebulo. Panopa mphwangayu amamvetsera pa liwiro loti ine sindimvapo liwu ngakhale limodzi, zimangomveka ngati mvula pa malata, iye n'kumati iyi ndi spidi ya pakati chabe ankolo. Koma kuti afike pamenepo panadutsa miyezi, ndipo miyezi yake inali yomweyo yomwe asayimenti zinali zikubwera. Ana ambiri osaona amachokera ku sekondale komwe zonse zinali braille, kiyibodi sanaigwirepo. Nthawi yomwe ili pakati pa kutuluka kwa zotsatira za MSCE ndi kutsegulira kwa koleji ndi yaitali, ndipo ndikanadziwa ndikanamukhazika pa laputopu nthawi imeneyo. Makolo omwe muli ndi mwana wotere, musadikire kalata ya koleji.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Mawu a m'kompyutamo anapangidwira Chingerezi, ndiye akakumana ndi Chiradzulu kapena ng'ombe kapena dzina la munthu wa kuno amatchula zosamveka. Ife tinapeza kuti mu NVDA muli mawu otchedwa eSpeak omwe ali ndi Chiswahili, ndipo akamawerenga uthenga wa Chichewa amasinthira kumeneko chifukwa katchulidwe ka mavawelo kamayandikira kwathu. Si Chichewa chenicheni koma bola, munthu amamva.

Tibwerere ku masamba 40 aja. Mankhwala ake alipo, amatchedwa OCR, kutanthauza pulogalamu yomwe imayang'ana chithunzi n'kumalota kuti kadontho aka ndi a, aka ndi b, mpaka kutulutsa malemba enieni. NVDA imachita zimenezi ukadina Insert ndi R. Ukaika PDF pa Google Drive n'kuitsegula ndi Google Docs imachitanso. Pa foni pali Lookout ya Google ndi Seeing AI ya Microsoft zomwe umangoloza kamera pa pepala n'kuyamba kuwerenga, palinso Be My Eyes yomwe inayambira ku Denmark mu 2015, yomwe imakulumikiza pa vidiyo ndi munthu woona wodzipereka kuti akuuze chomwe chili patsogolo pako. Zonsezi ndi zothandiza ndipo ndimazilemekeza. Koma OCR imafuna pepala loyera, lowongoka, lojambulidwa powala. Handauti ya ku koleji zathu inachitidwa fotokope kuchokera pa fotokope ina yomwe inachokeranso pa ina, ili ndi mzere wakuda pakati, wina analembapo ndi bolopeni m'mbali, wojambulayo chala chake chikuoneka pakona. Usiku uja tinaidutsitsa mu OCR, ndime zina zinatuluka bwino, koma matebulo anasakanikirana, 0 anasanduka O, 1 anasanduka l, ndipo ndinakhala naye mpaka cha m'ma 1 koloko ine ndikuwerenga pa sikirini iye akukonza. Anzake anawerenga manotsi amenewo pa ola limodzi n'kugona.

Chondipweteka ndi chakuti handauti imeneyo inayamba ngati fayilo ya Word pa kompyuta ya alekichala. Fayilo yabwinobwino ilipo penapake, inangosindikizidwa, n'kujambulidwa, n'kufika kwa mwana itafa. Alekichala akanangoitumiza momwe inalili, popanda kuwononga ngakhale tambala, ntchito ya usiku wonse sikanakhalapo. Ndipo akafuna kuchita bwino koposa, mitu ya nkhani aziipanga ndi Heading ya mu Word osati kungokuza zilembo n'kuzidetsa, chifukwa screen reader imadumpha pa Heading weniweni yekha. Chithunzi chilichonse achilembere chiganizo chimodzi chonena zomwe zilipo. Masilaidi atumize kalasi isanayambe. Ndipo akaima pa bolodi asamati ichi tikachichotsa apa n'kuchibweretsa apa chitipatsa ichi, azitchula chinthucho dzina lake. Mphwanga amajambula mawu a m'kalasi pa foni, ndamvetserapo naye, mphindi khumi zathunthu za ichi ndi apa ndi apo, choko chikugogoda pa bolodi, iye osatolapo kanthu.

Mabuku a ku laibulale ndi vuto lomwelo koma lalikulu. World Blind Union, bungwe la anthu osaona la padziko lonse, imanena kuti mabuku osakwana 10 pa 100 aliwonse omwe amasindikizidwa padziko ndi omwe amapezeka mu mtundu woti wosaona awerenge. Nthawi zina mumva wina akuti sitingakupangireni kope ya pa kompyuta chifukwa cha malamulo a umwini wa mabuku. Pa mfundo imeneyi dziwani kuti pali pangano la ku Marrakesh la 2013, lomwe Malawi inalowamo mu 2017, ndipo cholinga chake ndi chomwechi, kulola kuti buku lisandutsidwe braille, mawu kapena fayilo yowerengeka chifukwa cha munthu wosaona popanda kuyamba wakapempha kwa mwini buku, komanso kuti makope oterewa azitha kuwoloka malire a mayiko. Malawi inavomerezanso pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, tinakhala ndi Disability Act mu 2012, ndipo mu 2024 kunabwera Persons with Disabilities Act yomwe inasinthanso MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA. Ndikutchula izi kuti mwana akamapempha fayilo asamapemphe ngati akupempha chifundo. Ndi gawo la maphunziro omwe analembetsa, ndipo fizi akulipira yofanana ndi anzake.

Ena amati popeza laputopu ikulankhula ndiye braille yatha ntchito. Ine ndikukana, ndipo ndaona ndi maso. Munthu womvetsera chabe sadziwa sipelo ya liwu, sadziwa pomwe pali chizindikiro cha mpumiro, mawu awiri a Chingerezi omveka mofanana kwa iye ndi liwu limodzi mpaka alekichala atamudula malikisi. Braille ndi kuwerenga kwenikweni, chala chikugwira chilembo chilichonse. Anaipanga Louis Braille wa ku France, n'kuisindikiza mu 1829, ndipo nzeru yake ndi timadontho 6 toikidwa m'mizere iwiri ya titatutitatu, tomwe timapereka zizindikiro 63. Polemba pali kachitsulo ndi kobayira kake komwe umalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere poti ukubaya kuseri kwa pepala, ndipo pali Perkins, makina achitsulo omwe anatuluka mu 1951 ku America ndipo mpaka lero ndi omwe ali m'masukulu athu. Perkins ndi yolimba, siifuna magetsi, koma imalemera makilogalamu oyandikira 5 ndipo ikamalemba phokoso lake kalasi yonse imatembenuka. Taganizani kukwera nayo minibasi m'mawa uliwonse, dzanja lina ndodo yoyera.

Vuto la braille ku koleji lili pawiri. Loyamba ndi pepala. Tsamba limodzi la inki limadya masamba awiri kapena atatu a braille, pepala lake ndi lokhuthala, lochokera kunja, ndipo ndalama zakunja zikamavuta nalo limasowa. Makina osindikizira braille kuchokera pa kompyuta, omwe amati embosser, ndi odula ndipo akawonongeka owakonza ndi owerengeka. Lachiwiri ndi lakuti alekichala sawerenga braille. Mwana akalemba mayeso pa Perkins, pepalalo liyenera kupita kwa munthu wodziwa braille kuti alembe ndi inki pamwamba pa mzere uliwonse, kenako ndi pomwe lichongedwe. Anthu oterewa ambiri amachokera ku Montfort ku Nguludi, ku Chiradzulu, komwe kumaphunzitsidwa aphunzitsi a ana aulumali, ndipo ndi ochepa poyerekeza ndi ntchito. Ndiye zotsatira za wosaona zimachedwa, ndipo womasulirayo akapanda kudziwa mawu a phunzirolo akhoza kulemba zina. Pakati pa ziwirizi pali kachipangizo kotchedwa braille display, komwe timapini timatuluka n'kumabwerera kupanga mzere umodzi wa braille, ukamaliza kudina batani n'kubwera mzere wina. Kale zinali za madola masauzande, koma kunabwera Orbit Reader 20 ya malo a zilembo 20, yotsikirapo mtengo, yomwe umaikamo memori khadi ya mabuku ambirimbiri, umalembamonso, n'kutumiza ku kompyuta komwe pulogalamu imazisandutsa malemba wamba oti alekichala awerenga okha popanda womasulira. Mdani wake ndi fumbi, ndipo fumbi la mu Okutobala mukulidziwa.

Masamu ndi zojambula ndi pomwe pamagona nkhani. Mukaona ophunzira osaona ambiri ali ku maphunziro a uphunzitsi, zilankhulo kapena malamulo, si kuti onse mitima yawo inali kumeneko, ena anakankhidwira kumeneko chifukwa panalibe wowaonetsa girafu. Komatu njira zilipo. Excel imayenda bwino kwambiri ndi NVDA, bokosi lililonse imatchula dzina ndi zomwe zilimo. Pali makalikyuleta olankhula. Pali kalembedwe ka masamu kotchedwa LaTeX komwe fomula yonse imalembedwa ndi zilembo wamba pa mzere umodzi, ndipo alekichala ambiri a masamu amakadziwa kale. Desmos, pulogalamu ya masamu ya pa intaneti, imatha kuimba girafu, mzere ukamakwera kaphokoso kamakwera, ukamatsika kamatsika. Koma chomwe chinatithandiza ife sichinali chilichonse mwa izi. Mphwanga ankalimbana ndi girafu ya demand ndi supply, yoonetsa kufunidwa kwa katundu ndi kupezeka kwake pa msika, wamva tanthauzo kambirimbiri koma chithunzi m'mutu mulibe. Ndinatenga katoni ya sopo, mawaya awiri a m'chaja yakufa, umodzi wonenepa wina wowonda, ndi guluu. Mizere ya m'mbali ndinaika timitengo ta machesi. Anayendetsa chala pa waya wonenepa kutsika, pa wowonda kukwera, n'kuima pomwe akumana, anakhala chete pang'ono kenako anati, "Ooh, ndiye mtengo ukakhala pamwamba pa apa katundu atsala pa msika eti." Katoni imeneyo ilipobe, ndipo tawonjezera zina zisanu.

Pali gulu lina lomwe limaiwalika chifukwa limayenda lokha popanda ndodo, omwe amaona pang'ono. Muno muli anzathu ambiri achialubino, omwe kalembera wa 2018 anapeza kuti alipo 134,636 m'dziko muno. Ambiri mwa iwo maso amanjenjemera, kuwala kumawapweteka, ndipo za pa bolodi sangazione ngakhale atakhala mzere wachitatu. Iwowa safuna braille. Amafuna mpando wa kutsogolo kotalikira dzuwa la pa windo, kagalasi koonera patali ka diso limodzi, mapepala a zilembo zazikulu kuyambira saizi 18, ndipo pa kompyuta batani la Windows ndi chizindikiro cha kuphatikiza limatsegula Magnifier yomwe imakuza chilichonse. Ambiri amapeza mpumulo akatembenuza mitundu kuti malemba akhale oyera pa sikirini yakuda. Kamera ya foni nayo, kungoloza pa bolodi n'kukoka ndi zala, ndi chipangizo chokwanira, bola alekichala adziwe kuti mwanayo sakusewera pa foni. Kuyezetsa maso ku Lions Sight First ku Queens ndi poyambira pabwino chifukwa galasi loyenera limasiyana munthu ndi munthu.

Mphwangayu ali ndi mnzake wamkazi wa pa koleji pomwepo yemwe samva. Tsiku lina anabwera kunyumba, anakhala pa mpando umodzi, iye akutaipa pa WhatsApp, foni ya mphwanga ikutchula ndi TalkBack, screen reader ya pa mafoni a Android, mphwanga n'kuyankha potaipa, mtsikanayo n'kuwerenga, onse akuseka. Wina saona manja a mnzake, wina samva mawu a mnzake, koma malemba otaipidwa anawakwanira onse awiri. Nditacheza naye polemberana anandiuza kuti tsiku lina class rep anatumiza voice note yonena kuti kalasi yasamukira chipinda china, iye anakakhala yekha m'chipinda chakale ola lathunthu. Mphwanga naye anaphonyapo kalasi chifukwa timetable yatsopano inabwera ngati screenshot. Uthenga womwewo ukanangotaipidwa, onse awiri akanafika.

Za osamva anthu amaganiza kuti ukamupatsa kachipangizo ka m'khutu basi zatheka, ngati magalasi a maso. Sizili choncho. Kachipangizoka kamathandiza yemwe khutu lake likadali ndi mphamvu pang'ono, kayenera kuyezedwa ndi kuchunidwa molingana ndi khutu la mwini wake, ntchito yomwe amagwira ku kiliniki ya za kumva ku Queens, ndipo kamakuza chilichonse, mawu a alekichala pamodzi ndi mipando yokwekwesa, fani, ndi macheza a kumbuyo. Mu holo yaikulu ya simenti momwe mawu amabwerera, kamasokoneza kuposa kuthandiza pokhapokha alekichala atavala kamaikolofoni kotumiza mawu molunjika ku khutuko. Timabatire take, ta nambala 13 ta chizindikiro cha olenji kapena 675 ta buluu, timatha pa sabata imodzi kapena ziwiri ndipo ukangomatula kapepala kake tayamba kutha ngakhale usatigwiritse ntchito. Kwa amene samva kotheratu ndipo anakulira m'chinenero chamanja, monga ana ochokera ku Maryview ku Chiradzulu kapena Mountain View ku Bvumbwe, chofunika ndi womasulira. Chinenero chamanja cha ku Malawi ndi chinenero pachokha, chili ndi malamulo ake, si Chichewa kapena Chingerezi choikidwa m'manja, ndipo a MANAD, bungwe la anthu osamva m'dziko muno, akhala akuchimenyera nkhondo kwa zaka. Omasulira ndi ochepa, ndipo ntchitoyi ndi yotopetsa moti mwa dongosolo lake amayenera kukhala awiri n'kumasinthana pakatha mphindi 20 kapena 30. Komanso maso ali pa womasulira sangakhalenso pa kope, ndiye pamafunika wina womulembera manotsi.

Nanga mapulogalamu osandutsa mawu kukhala malemba? Live Transcribe ya Google inatuluka mu 2019, ndi yaulere pa Android, ndipo pocheza anthu awiri m'chipinda cha phee, mu Chingerezi, imachita zodabwitsa. M'kalasi ya kuno imavutika. Alekichala ali patali, katchulidwe kathu ka Chingerezi pena imakaphonya, ndipo pomwe afika pa mfundo yovuta n'kufuna kuti ana amvetse amalowa Chichewa, apo pulogalamuyo imangolemba zosagwirizana. Pomwe pali phindu lenileni la phunziro ndi pomwe iyo imasochera. Mtsikana uja amaigwiritsabe ntchito, amaika foni pa tebulo la alekichala akalola, koma amati imamupatsa theka.

Kwa amene ali ndi ulumali wa miyendo kapena manja, zambiri si za kompyuta n'komwe. Kalasi ikakhala pamwamba lifiti palibe, kapena ilipo koma magetsi azima, palibe pulogalamu yomwe ingamukweze masitepe, chofunika ndi wopanga timetable kutsitsa kalasiyo pansi. Wheelchair iyenera kukhala ya muyezo wa mwini wake ndi khushoni yoyenera, chifukwa kukhala maola 6 pa yolakwika kumabweretsa zilonda zomwe zimagoneka munthu semesita yonse, ndipo a MAP, bungwe lothandiza anthu aulumali wa ziwalo, ku Kachere pafupi ndi Queens ntchito imeneyi amaidziwa. Wa dzanja limodzi kapena manja onjenjemera, Windows ili ndi Sticky Keys, dinani Shift kasanu, kuti mabatani ofunika kudinidwa pamodzi azidinidwa limodzilimodzi, ndipo batani la Windows ndi H limalola kulemba polankhula. Palinso ana omwe amaona bwino, amamva bwino, anzeru pokamba, koma zilembo zimawasokonekera powerenga, vuto lomwe amati dyslexia ndipo kwathu kuno limangotchedwa ulesi. Iwowa Read Aloud ya mu Word kapena Edge, yomwe imawerenga uku ikuonetsa liwu lomwe ikutchula, imawasinthira zinthu kwambiri.

Kalembera yemwe uja wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 10 pa 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake. Ndiye kaya ndi ku MUBAS komwe ambiri timakutchulabe kuti Poly, kaya ku KUHeS, kaya ku Soche Technical, kaya makoleji omwe si aboma omwe adzaza mu tauni muno, ana amenewa alimo ndipo azichulukirabe. Lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linati anthu oposa 2.5 biliyoni padziko amafuna chipangizo chimodzi kapena zingapo zowathandiza, pafupifupi 1 biliyoni sazipeza, ndipo m'mayiko ena osauka opeza ndi 3 okha pa 100. Anthu akamva manambala otere amathamangira kupempha zipangizo kwa opereka thandizo, zomwe si zolakwika. Koma ine monga wokonza zinthu ndimaona mbali inayo. Chipangizo chimabwera pa mwambo, zithunzi zijambulidwa, pakatha miyezi chaja yapsa kapena batire yafufuma, sipeya kulibe, wophunzitsa kagwiritsidwe kake kunalibe chiyambire, basi chikagona mu kabati. Wopereka aliyense ndikanakonda azifunsa kaye kuti chikawonongeka adzakonza ndani, ndipo mwanayo amuphunzitsa ndani.

Kwa makolo ogula ndi ndalama za m'thumba, malangizo anga ndi a pa benchi. Musathamangire laputopu yokongola. Yang'anani batire yokhalitsa chifukwa cha magetsi athuwa, kiyibodi ya mabatani omveka bwino pa chala, SSD, yomwe ndi chosungira mafayilo chachangu, ndi RAM, memori yogwirira ntchito, ya 8GB kuti mawu asamachedwe kutuluka akadina. Kwa mwana wosaona kotheratu, laputopu ya sikirini yokhala ndi mng'alu kapena mizere imatsika mtengo kwambiri koma kwa iye ndi yathunthu, bola izioneka pang'ono kuti womuthandiza athe kuona pakavuta. Mahedifoni akhale a waya, a Bluetooth amachedwetsa mawu komanso ndi chinthu china chofuna kutchaja. Foni ya RAM yochepa kwambiri imavutika ndi TalkBack, mwana amasuntha chala n'kudikira, ndipo pa menyu za ndalama za pa foni nthawi imamuthera asanamalize kumva. Ndipo mafayilo ake onse azikhala pawiri, pa fulashi ndi pa intaneti.

Mayeso musadikire sabata yomaliza. Semesita ikangoyamba mwana apite kwa mkulu woona za ophunzira ndi kwa alekichala aliyense, agwirizane kuti alemba bwanji, pa Perkins kapena pa laputopu yotsekedwa intaneti, pepala la mafunso libwera pa braille kapena pa fulashi ngati Word, nthawi yowonjezera ndi yochuluka bwanji poti kuwerenga ndi chala kapena khutu kumachedwa, chipinda chake ndi chiti ndipo soketi ilimo, funso la chojambula alisintha motani. Zonsezi zilembedwe pa pepala ndipo asunge kope. Semesita yoyamba ife tinagwirizana pakamwa, tsiku la mayeso woyang'anira anali wina yemwe sanauzidwe kanthu, mphwanga anakhala panja mphindi zambiri anthu akuimbirana mafoni, analowa mtima uli m'mwamba ndipo pepala limenelo sanakhoze momwe akanakhozera.

Semesita ino alekichala atatu mwa asanu akumutumizira mafayilo a Word pa imelo kalasi isanayambe, ndipo class rep watsopano amati akaponya chithunzi pa gulupu amataipanso pansi pake zomwe zalembedwapo. Awiri otsalawo sanayambe, mmodzi akuti manotsi ake ndi olemba pamanja kuyambira kale. Amenewo ndi a statistics, matebulo okhaokha, ndipo OCR pa zolemba pamanja zotere imangotulutsa zinyalala. Ndiye Loweruka lililonse ndikatseka ku Limbe masana timakhala pa tebulo lija, ine ndikuwerenga manambala mzere ndi mzere, iye akulowetsa mu Excel, NVDA ikubwereza nambala iliyonse kuti titsimikize. Loweruka lapitali tinamaliza chaputala 4, mayeso ali pa sabata zitatu, machaputala otsala ndi awiri.